Mpanda wa kumanda: umatchinga ndani kwenikweni?

Tsiku lina tili m'minibasi, kondakitala analoza mpanda wa kumanda n'kufunsa kuti: "Kodi akufawa angathawe?" Tonse tinaseka, koma ine funsolo ndinapita nalo kunyumba.

Ku Ulaya, kalekale manda ankakhala pabwalo la tchalitchi. Bishopu ankadalitsa malowo, ndipo mpanda ndi umene unkasonyeza pamene dothi lopatulika lathera. N'chifukwa chake odzipha ndi makanda osabatizidwa nthawi zambiri sankaikidwa m'dothi lodalitsidwalo. Ku England, mpaka 1823, wodzipha ankatha kukwiriridwa pamphambano za misewu. Mpandawo unkaletsanso nkhumba ndi agalu kufukula mitembo.

Mu 1804, Napoleon analamula kuti manda a ku France azikhala kunja kwa matauni, ozunguliridwa ndi mpanda wotalika mamita osachepera 2. Nkhawa inali matenda ndi fungo. Manda otchuka a Père Lachaise ku Paris anatsegulidwa chaka chomwecho. Ku Britain nako kunali akuba mitembo omwe ankaigulitsa kwa ophunzitsa udokotala, mpaka lamulo la 1832 linachepetsa malondawo.

Kwa Ayuda nkhani ndi ya chidetso. Pa Numeri 19, wokhudza mtembo amakhala wodetsedwa masiku 7, ndipo Levitiko 21 amaletsa ansembe kuyandikira maliro kupatula a abale enieni. Mpanda umathandiza a mbumba ya ansembe kudziwa polekezera.

Nanga kwathu? Kumudzi mpanda wathu ndi mitengo. Manda amakhala m'kankhalango, sutolako nkhuni, sulowako popanda chilolezo cha amfumu, ndipo okumba manda ndi adzukulu. Kwa Achewa, dambwe la Gule Wamkulu nthawi zambiri limakhala kumanda komweko. Ulemu ndi mantha zinkagwira ntchito ya njerwa. Mukaona kankhalango katsala kokha pakati pa minda, dziwani kuti pagona anthu.

M'tauni muno zinthu zasintha. Komwe tinaika agogo anga kulibe mpanda. Anthu anatsegula njira yachidule pakati pa mitumbira, ena amatayako zinyalala, ndipo mtanda wachitsulo womwe tinazika unasowa pasanathe chaka.

Ndiye akondakitala, yankho lanu ndi ili: akufa sathawa ayi, ovuta ndife amoyofe. Inu, komwe kunagona abale anu kuli mpanda? Munapitako liti komaliza?