Nkhotakota, Mudzi wa Pagombe Umene Mwana Wanga Sanauonepo

Ndimakhala ku Nigel, tauni ya migodi kum'mawa kwa Johannesburg. Madzi ambiri amene ndimawaona kuno ndi a m'dambo la Marievale, kumene kumadutsa mtsinje wa Blesbokspruit. Mwana wanga wamkazi anabadwira konkuno ku Duduza ndipo nyanja ya Malawi amangoiona pafoni. Tsiku lina anabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti alembe mbiri ya kumene makolo ake anachokera. "Adadi, ndilembe chiyani za kwathu?" anandifunsa. Ndinayamba ndi zosavuta: mpunga, usipa, mchenga wootcha mapazi masana. Nditafika pa mbiri yeniyeni, pakamwa panalemera. Za Nkhotakota sungazifotokoze moona osatchula ukapolo, ndipo kwathu nkhani imeneyi timailambalala ngati chitsa cha m'njira.

Nkhotakota ili m'chigawo chapakati cha Malawi, kugombe la kumadzulo kwa nyanja, pamsewu wa M5 wochokera ku Salima kupita ku Nkhata Bay. Mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, azungu ankalemba kuti Kota Kota. Chimene chinapanga malowa kukhala mudzi waukulu ndi kamtunda ka mchenga kamene kamalowa m'nyanja n'kutchinga doko. Mwera ukakalipa, mabwato amapeza pobisala. Kumwera kuli thamanda la Chia, kumpoto kuli mitsinje ya Bua ndi Dwangwa, ndipo kumadzulo nthaka imakwera n'kukhala mapiri a nkhalango. M'madambo a pakati pa mapiriwo ndi nyanja ndi mmene mumalimidwa mpunga ndi chinangwa. Ife tinakulira kondowole wa usipa. Nsima ya chimanga inali ya masiku ena.

Eni nthaka ndi Achewa, ndipo mayina a mafumu monga Malengachanzi, Mwadzama, Mphonde ndi Kanyenda akadalipo mpaka lero. Cha m'ma 1840 kunafika Mswahili wochokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, dzina lake Salim bin Abdallah. Anapempha malo kwa mafumu ndipo anam'patsa. Anali ndi nsalu, mikanda ndi mfuti, ndipo m'kupita kwa zaka mlendoyo anaposa mphamvu amene anamulandira. Iye ndi amene analowa m'malo mwake ankatchedwa Jumbe. Malonda awo anali minyanga ya njovu ndi anthu. Ogwidwa ankawabweretsa kuchokera kumtunda, ena kutali ngati kuchigwa cha Luangwa, n'kuwasunga ku Nkhotakota kudikira mphepo yabwino. Kenako ankawalonga m'zombo za matanga kuwolokera tsidya lija, ndipo kuchokera kumeneko ankayenda pansi miyezi ingapo mpaka ku Kilwa. Ambiri ankafera m'njira.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku a kusukulu amachidutsa mofulumira. Anthu ambiri anasamukira kwa Jumbe mwa kufuna kwawo. M'zaka zimenezo nkhondo za Angoni zinkasesa midzi ya kumtunda, ndipo amene anali ndi mfuti ndi linga ndiye ankateteza. Choncho mudzi womwewo umene unkagulitsa anthu unalinso pothawira anthu. N'chifukwa chake Nkhotakota inakula kwambiri, mpaka alendo ankaitchula kuti ndi umodzi mwa midzi ikuluikulu m'chigawo chino cha Africa. Dzina loti Linga likadamveka m'tauniyi lero.

David Livingstone anafika kuno mu 1861 pa bwato, n'kubweranso mu 1863 pa ulendo wapansi. Pa ulendo wachiwiriwu anapeza amalonda akukhoma chombo chowolotsera akapolo. Mtengo wa mkuyu umene amati anakambirana pansi pake ndi Jumbe komanso mafumu ukadalipo, ndipo alendo amajambulitsa pamenepo. Tili ana tinkaphunzitsidwa ngati kuti ukapolo unathera pansi pa mtengowo. Zoona zake n'zoti malondawo anapitirira zaka zina pafupifupi 30. Mu 1889 Harry Johnston anapangana ndi Jumbe wa nthawiyo kuti alandire mbendera ya Britain n'kumalandira ndalama chaka chilichonse. Boma la atsamunda linakhazikitsidwa mu 1891, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1890 Jumbe womaliza anachotsedwa pampando n'kutumizidwa ku Zanzibar.

Ajumbe anapita, koma zimene anabweretsa zinatsala. Chisilamu chinazika mizu, moti Nkhotakota ndi amodzi mwa malo ochepa m'Malawi kumene umapeza Achewa ambiri ali Asilamu kuyambira kwa makolo awo. Ulimi wa mpunga unakula m'nthawi yawo, ndipo m'masiku a atsamunda mpunga wa ku Kota Kota unkadziwika m'dziko lonse la Nyasaland. Amishoni a UMCA anatsegula mishoni yawo mu 1894. Chaka chotsatira, mu September 1895, bishopu Chauncy Maples anamira m'nyanja bwato lake litagudubuzika ndi namondwe, ndipo manda ake ali m'tchalitchi cha All Saints ku Nkhotakota. Ine ndinakulira pakati pa mawu awiriwa, kuitana kwa kumzikiti mbandakucha ndi belu la tchalitchi Lamulungu. Pamaliro tinkakhala pamphasa imodzi, kusiyana kunali pa mphika wa ndiwo basi.

Tauniyi inalowanso m'mbiri ya ufulu wa dziko. Mu 1960, Dr Hastings Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo, chipani cha Malawi Congress Party chinachititsa msonkhano wake waukulu ku Nkhotakota. Pamsonkhanowo ndi pamene anam'sankha kukhala mtsogoleri wa chipanicho kwa moyo wake wonse. Akuluakulu amene analipo amakumbukira chisangalalo cha masiku amenewo. Ndi ochepa amene anaona kuti mawu oti "wamuyaya" adzafika pa dziko lonse mu 1971.

Apa ndi pamene mbiri ya Nkhotakota imakumana ndi ya Nigel. Golide anapezeka kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mgodi wa Sub Nigel unadzakhala umodzi mwa migodi yolemera kwambiri m'dziko lino. Migodi ya ku Joni inkafuna manja, ndipo bungwe la Wenela linkawapeza kwathu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa. Agogo anga aamuna anali mmodzi wa amene anapita kale kuposa pamenepo. Anabwerako ndi njinga, jekete lalitali ndi chifuwa chimene sichinathe mpaka imfa yawo. Ena sanabwerere n'komwe, tinkangowatchula kuti matchona. Mu April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a kumigodi. Patapita zaka zambiri, ine ndinatsata njira yomweyo pa basi, kudzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge. Migodi ya golide ya ku Nigel ndinaipeza itatsekedwa kale, pangotsala milu ya mchenga wachikasu.

Nkhotakota ya lero ikadali ya asodzi ndi alimi. Usiku nyali za ogwira usipa zimandandalika panyanja. Ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe ndi fakitale ya shuga. Nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, inatsala pang'ono kutheratu njovu chifukwa cha opha nyama mozemba. Bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Dera limene linkatumiza minyanga ku Kilwa linadzalandira njovu zamoyo pa malole. Mavuto nawo alipo. Nsomba ya mpasa, imene imakwera mtsinje wa Bua kukaswana, yachepa. Chakumayambiriro kwa 2024 madzi osefukira anagwetsa nyumba zambiri cha ku Dwangwa, ndipo ife a kuno tinasonkha ndalama pa WhatsApp kutumizira abale.

Nanga chitsa chija? Agogo anga aakazi anandiuza kamodzi kokha, tikusenda chinangwa, kuti agogo awo anabwera ku Nkhotakota ali kamtsikana, chingwe chili m'khosi. Sanawoloke nyanja chifukwa mmodzi wa anthu a Jumbe anawatenga kukhala mkazi wake. Mwamunayo ndi kholo lathu, mtsikanayo ndi kholo lathunso. Mudzi umene anagwidwako palibe amene akuudziwa, ngakhale dzina limene mayi ake anam'patsa. Mabanja ambiri a m'tauni mwathu ali ndi nkhani yotere, ndipo sainena chifukwa mawu oti kapolo akadali chitonzo pa milandu ya malo ndi ya ufumu.

Ndinaganiza usiku wonse ngati ndimuuze mwanayo. Mkazi wanga anati ndi wamng'ono, ndipo anzake a kusukulu, amene amamunena kale kuti ndi mlendo, adzapeza chomunyozera china. Ndinaona kuti akunena zoona. Koma ndinaonanso kuti ndikakhala chete, mtsikana wa chingwe uja atayika kachiwiri, ulendo uno m'manja mwanga. M'mawa ndinamuuza zonse. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa kuti, "Ndiye ife ndife a mbali iti, adadi?" Ndinamuyankha kuti ndife a mbali zonse ziwiri. Pa pepala la kusukulu analemba za nyanja, mpunga ndi njovu. Za agogo aja anazilemba m'kope lake lina, ndipo wandilonjezetsa kuti December akubwerayu tipite limodzi akaone doko limene zombo zinkanyamukira.