Chibuma cha dothi ndi mawu okumbidwa pansi

Pamsika wa Karonga ndinaima pa mayi wina wogulitsa miphika. Nditafunsa kuti ntchito yawoyi amaitcha chiyani m'Kyangonde, anati, "Ukubumba, mwanangu." Ine ndinaseka, poti kwathu timati kuumba. Iwo anandiyang'ana nkuti, "Inu Achewa munameza chilembo."

Mayiwo sananame ayi. Amazulu amati ukubumba, ndipo dothi loumbira ndi ibumba. M'Chiswahili bumba ndi chibuma, kaya cha dothi kaya cha fodya. Akatswiri a ziyankhulo atafanizira mawu onsewa anapeza tsinde limodzi, *-bumb-. Kanyenyezi kali kutsogoloko kakutanthauza kuti liwulo silinalembedwe paliponse. Analilumikiza monga momwe analumikizira mafupa a Malawisaurus amene tikawaona ku nyumba yosungira zakale ya Karonga, yomwe inatsegulidwa mu 2004.

Nzeru imeneyi inayambira ku Ulaya. Kumeneko anafanizira gruda wa Chipolishi ndi hrouda wa Chitcheki, onse otanthauza chibuma, nkupeza kholo lake *gruda. Mpaka lero anthu a ku Poland amatcha Disembala grudzień, mwezi umene nthaka imauma zibumazibuma ndi chisanu.

Tsono nkhani imene inandikhudza ndi iyi. Mu 1899 Mjeremani Carl Meinhof anatulutsa buku loyesa kuukitsa chiyankhulo chimene chinabala ziyankhulo zathu za Chibantu. Mwa ziyankhulo zochepa zimene anatsamirapo munali Konde, chiyankhulo cha kumutu kwa nyanja kuno, cha Anyakyusa ndi Angonde. Malcolm Guthrie anadzakuza ntchitoyi m'mabuku anayi amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971.

Taonani zakazo, abale anga. Mu 1968, Guthrie ali mkati mosindikiza, ife kuno tinkakweza Chichewa chokha, Chitumbuka nkuchotsedwa pawailesi mpaka 1994. Nanga Kyangonde? Mwana wa ku Karonga anakula akumva ngati chiyankhulo cha amake nchongoyankhulira kudambo ndi ng'ombe, chonsecho ku Ulaya chinali mboni pamlandu wa chiyambi cha tonsefe.

Ndine Mchewa, ndipo Chichewa ndimachikonda. Koma sindingachitche mayi wa ziyankhulo za m'Malawi. Ndi mwana mnzawo basi, ndipo zina zimene iye anataya panjira abale ake anasunga. Tikalola Kyangonde, Chilambya kapena Chindali kuzilala, tikukwirira umboni wa mbiri ya Chichewa chomwecho.

Mphika uja ndinagula. Pondipatsa chenje, mayi aja anandiuza kuti nditchulenso liwu lija. Ndinalitchula kawiri asanavomere.