Nkhondo ya Njiwa ku Mangalande

Ku Mangalande kuli njiwa za m'nkhalango, zazikuru kuposa nkhunda zathu za pakhomo, zimene zimaononga mbeu za alimi. M'zaka za m'ma 1950 Boma la kumeneko linayamba kulipira theka la mtengo wa zipolopolo kuti anthu aziziombera. Madzulo a mwezi wa February, nyengo ya cisanu, amuna anali kubisala pansi pa mitengo ndi mfuti za cifefe, nalindira mbalamezo pobwera kudzagona pa nthambi. Zinagwa zambirimbiri, koma sizinacepe ai.

Katswiri wa mbalame, R. K. Murton, anaziwerenga zaka zingapo ku Cambridgeshire, napeza kuti mfuti zinali kupha zomwezo zimene njala ya m'cisanu ikadapha ndithu. Zotsalazo zinangopeza cakudya cocuruka. M'caka ca 1965 Boma linaleka kulipira ndarama zija.