Pulofesa Robert Serpell, katswili wa kakulidwe ka ana

A Robert Serpell anabadwila ku England mu 1944 ndipo anafika m'Zambia mu 1965. Pa University of Zambia, nchito yao yaikulu inali kufufuza mmene ana amakulila ndi kuphunzila.

Mu 1973 anayamba kufunsa akulu-akulu m'midzi ya Acewa ku Katete kuti mwana wanzelu ndi wotani. Anapeza kuti kucenjela pakokha sikukwanila. Mwana afunikanso kukhala wodalilika akatumidwa. Anatsatila ana a m'midziyo kufikila atakula, ndipo zimene anapeza anazilemba m'buku la The Significance of Schooling mu 1993.

Kafukufuku wao wa mu 1979 anaonetsa kuti ana a ku Zambia anapambana popanga zinthu ndi waya, a ku England pojambula papepala, koma poumba anafanana. Ici cinawatsogolela kukonza mayeso a Panga Munthu, pamene mwana amaumba munthu ndi dothi, kuti nzelu zake zisapimidwe ndi zipangizo zimene sanazizolowele.

Anatsogolela yunivesitiyi monga Vice Chancellor kucokela mu 2003 kufika mu 2006.