Chakudya ndi kadyedwe m'sitima za pamadzi

Kadyedwe ka m'sitima za pamadzi ndi dongosolo limene apaulendo amatsata pogula, poitanitsa ndi pakudya chakudya ulendo uli mkati. Dongosololi lili ndi malamulo olembedwa ndi eni sitima komanso miyambo yosalembedwa imene anthu amakwera nayo kuchokera kwawo. Sitima ikangochoka padoko palibenso msika kapena golosale yothamangirako, ndiye chimene chalowa m'sitimamo n'chimene anthu mazanamazana adye mpaka doko lotsatira. Ku Malawi chitsanzo chodziwika bwino ndi MV Ilala ya pa nyanja ya Malawi. M'nyanja zamchere muli sitima za cruise, zimene anthu amakwera kuti akasangalale osati kuti akafike kwinakwake. Pa Ilala kawirikawiri mbale iliyonse imagulidwa payokha, pomwe pa sitima za cruise chakudya chimakhala chitalipiridwa kale pamodzi ndi tikiti. Malamulo ambiri okhudza kuwonjezera chakudya amachokera pa kusiyana kumeneku.

MV Ilala

Ilala inapangidwa m'chaka cha 1949 ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow ku Scotland. Inabwera m'zidutswazidutswa kudzera padoko la Beira ku Mozambique, ndipo italumikizidwa kunyanja inayamba kunyamula anthu mu 1951 pansi pa Nyasaland Railways. Ndi sitima yachiwiri kukhala ndi dzinali. Yoyamba inabwera ndi amishoni a Livingstonia mu 1875, ndipo anaitcha dzina la dera la Ilala ku Zambia komwe David Livingstone anamwalirira mu 1873. Mu 2010 ntchito yoyendetsa sitimayi inaperekedwa kwa Malawi Shipping Company ya kampani ya Mota-Engil.

Sitimayi ndi yotalika mamita 52 ndipo imanyamula anthu oposa 350 ndi katundu wokwana matani pafupifupi 100. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kufika ku Chilumba Lamulungu, n'kubwereranso ku Monkey Bay Lachitatu. Panjira imaima m'malo monga Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Munthu wochoka ku Monkey Bay kupita ku Chilumba amagona m'sitima masiku awiri, ndipo sitima ikachedwa chifukwa chotsitsa katundu kapena mphepo ya mwera masikuwo amachuluka. N'chifukwa chake nkhani ya chakudya pa Ilala si yongosangalatsa pakamwa.

Kudya motsata makalasi

Malo amene munthu amadyera amatengera tikiti imene wagula. Okwera m'zipinda zogona ndi a kalasi yoyamba ali ndi chipinda chodyera chokhala ndi matebulo ndi mipando, mmene woperekera zakudya amalemba zimene munthu akufuna n'kumubweretsera. M'mawa mumapezeka tiyi, buledi ndi mazira. Masana ndi madzulo nkhuku, nyama yang'ombe kapena nsomba, zodyera nsima, mpunga kapena tchipisi. Pamwamba penipeni pa sitima pali bala yogulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi mowa.

Anthu ambiri amakwera m'munsi, m'kalasi yachiwiri ndi ya economy, pakati pa matumba a ufa, shuga, simenti ndi mitanga ya usipa wouma. Kumeneku chakudya chimagulidwa pafupi ndi khitchini, munthu n'kunyamula yekha mbale yake kukakhala pamene wapeza malo. Nthawi zambiri ndi nsima kapena mpunga wa nyemba, nyama kapena nsomba, monga zimene zimagulitsidwa m'malesitilanti a m'misika ya kumtunda.

Kugawa anthu pa nthawi ya chakudya motsata tikiti si kwa Ilala yokha. Sitima zonyamula anthu pakati pa Ulaya ndi America zinali ndi zipinda zodyera zosiyana za kalasi yoyamba, yachiwiri ndi yachitatu, monga mmene zinalili pa Titanic mu 1912. Kampani ya Cunard ikusungabe mbali ya mwambowu: pa Queen Mary 2 okwera m'zipinda zodula amadyera ku Queens Grill kapena Princess Grill, ena onse ku Britannia.

Kamba ndi malonda a padoko

Si onse amene amagula chakudya cha m'sitima. Kwa banja la anthu asanu, kugula mbale katatu pa tsiku kukhoza kuposa mtengo wa tikiti, choncho ambiri amanyamula kamba kuchokera kunyumba: mbatata kapena chinangwa chophika, mtedza wokazinga, zitumbuwa, nthochi, nsomba yowamba ndi thobwa m'chigubu. Kamba wabwino ndi amene sachedwa kukhutitsa koma amachedwa kusasa. Nyemba zophika ndi mpunga sizipirira kutentha kwa m'munsi mwa sitima, ndipo amene wazinyamula ayenera kuzidya tsiku loyamba lomwelo.

Malo ambiri amene Ilala imaima alibe jete. Sitima imakocheza patali ndi gombe, anthu ndi katundu n'kumatsitsidwa pa maboti ake ang'onoang'ono, ndipo wapaulendo amene akupitirira sangatsike kuti akangogula mandasi. Ku Nkhata Bay n'kosiyana: sitima imaima maola angapo pafupi ndi msika, ndipo anthu amatsika kukagula nthochi, nsomba ndi kondowole, nsima ya chinangwa imene ndi chakudya chenicheni cha Atonga ndi anthu a pa Likoma.

Miyambo ya pa mbale

Palibe chikwangwani m'sitima chonena mmene munthu adyere, koma miyambo ya kumudzi imagwira ntchito m'munsi mwa Ilala mwina kuposa pamtunda, chifukwa anthu amakhala mothithikana ndi anthu amene sakuwadziwa. Munthu akatsegula kamba wake amayamba wauza amene wayandikana naye kuti "karibu" kapena "tiyeni tidye". Winayo akhoza kutengako pang'ono kapena kuyankha kuti "zikomo, pitirizani". Kuitanako sikukakamiza munthu kudya, ndipo kukanako si chipongwe. Chimene anthu amachiona ngati umbombo ndi kudya chofulatira, makamaka mwana wa mnzako akukuyang'ana. Woitanidwa nayenso amadziwa malire ake: amatenga nthochi imodzi, osati phava lonse.

Nsima imadyedwa ndi dzanja lamanja, anthu atasamba m'manja, ndipo pagulu akuluakulu ndiwo amayamba kusamba. Amene akudyera mbale imodzi amatema mbali imene ili kwa iwo, ndipo ndiwo amazipatsa ulemu kuti zifike kumapeto kwa nsima. Mwa okwera ochokera ku Mangochi ndi Nkhotakota muli Asilamu ambiri, choncho n'kwanzeru kunena mtundu wa nyama usanampatse mnzako, ndiponso kusam'kakamiza amene akusala m'mwezi wa Ramadan. Mowa uli ndi malo ake ku bala. Kumwera pakati pa amayi ndi ana amene agona pansi kumayambitsa mikangano imene ikanapeweka.

M'nyengo ya mwera, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, nyanja imawinduka ndipo ambiri amachita mseru. Ozolowera ulendowu amadya pang'onopang'ono, amapewa zamafuta, ndipo amakhala pamene pakupita mphepo.

Kuwonjezera chakudya pa Ilala

Popeza mbale imagulidwa, kuwonjezera n'kugulanso. Munthu amene sanakhute amanena mwaulemu, monga "Achimwene, tandiwonjezereniko mtanda umodzi," ndipo amafunsa mtengo asanalandire. Banyira, kanthu kakang'ono kamene wogulitsa amawonjezera mwa kufuna kwake monga chipande cha msuzi, ndi chisomo chabe. Wogula akhoza kupempha koma sangachite kulamula. Ophika a m'sitima amawerengera ufa ndi ndiwo kuti zifike doko lotsatira, ndiye ndiwo zina zikatha zatha. Amene wachedwa amadya zimene zatsala, ndipo chifukwa cha ichi okwera kalasi yoyamba amachita bwino kunena msanga zimene adzadye nthawi ya chakudya isanakwane.

Sitima za cruise

Sitima za cruise zimene zili pafupi ndi Malawi ndi za kampani ya MSC Cruises, zimene m'miyezi yotentha zimanyamuka ku Durban kupita ku Portuguese Island ndi ku Pomene m'dziko la Mozambique pa maulendo a masiku atatu kapena anayi. Zikuluzikulu zili ku Caribbean ndi ku Mediterranean. Icon of the Seas ya Royal Caribbean, imene inayamba kuyenda mu 2024, ikhoza kunyamula apaulendo okwana 7,600.

Pa sitima zotere tikiti imalipirira malo odyera a mitundu iwiri. Ku buffet munthu amadzitengera yekha ndipo akhoza kubwererako kangapo. M'chipinda chachikulu chodyera amakhala pa tebulo n'kusankha pa menyu chakudya choyambira, chakudya chenicheni ndi chotsekemera chomalizira. Kale aliyense ankapatsidwa nthawi yake ndi tebulo lake, gulu loyamba kumadzulo ndi lachiwiri usiku, ndipo ankadya ndi anthu omwewo ulendo wonse. M'chaka cha 2000 Norwegian Cruise Line inayambitsa dongosolo la Freestyle Cruising lolola anthu kudya nthawi imene afuna, ndipo makampani ambiri tsopano amapereka njira zonse ziwiri. Malesitilanti apadera, mowa ndi zakumwa zambiri za m'mabotolo zimalipiridwa padera.

Chimene chimadabwitsa wokwera koyamba n'chakuti m'chipinda chachikulu chodyera kuitanitsa mbale ziwiri si chamanyazi. Munthu akhoza kupempha zoyambira ziwiri, kapena mbale ina yoti onse a pa tebulo alawe, ndipo woperekera zakudya sadabwa. Munthu woleredwa kuti mlendo sapempha nsima ina akhoza kugona ndi njala pa chakudya chimene analipira kale. Ulemu apa uli pa zinthu zina. Ndi bwino kunena zonse zimene ukufuna pa nthawi imodzi, chifukwa woperekera mmodzi amasamalira matebulo angapo ndipo khitchini imatulutsa chakudya motsatana. Mbale yoitanitsidwa mochedwa imadikiritsa tebulo lonse. Amene ali ndi nthawi yoikika afike pa nthawiyo, ndipo ngati akadyera kwina awadziwitse anzake a pa tebulo. Zovala zosambira siziloledwa m'chipindachi madzulo, ndipo masiku ena amakhala ovala suti ndi madiresi.

Ufulu wowonjezerawu wayamba kuchepa. Kumapeto kwa 2022 Carnival Cruise Line inayamba kulipiritsa madola 5 pa mbale yachitatu ya chakudya chenicheni, ndipo mu 2023 Royal Caribbean inayamba kulipiritsa amene akufuna lobster yachiwiri. Makampani amanena za kukwera mtengo kwa zakudya ndi kuchuluka kwa zotayidwa. Zifukwa zonse ziwiri n'zoona, ngakhale n'zachidziwikire kuti ndalamazo zimawonjezeranso phindu. Malamulowa amasiyana kampani ndi kampani ndipo amasinthasintha, choncho funso la pa Ilala lija, lofunsa mtengo usanalandire, layamba kugwira ntchito ngakhale kuno. Makampani ambiri amaikanso pa bilu ya wapaulendo aliyense ndalama yothokozera ogwira ntchito tsiku lililonse, imene imagawidwa kwa operekera zakudya ndi okonza m'zipinda.

Ukhondo ndi zotsala

M'sitima matenda a m'mimba amafala msanga chifukwa anthu ambiri amagwira zitsulo, zitseko ndi zipande zomwezo. Pa sitima za cruise vuto lodziwika ndi kachilombo ka norovirus koyambitsa kusanza ndi kutsegula m'mimba. N'chifukwa chake pakhomo la buffet pamakhala posambira m'manja, chakudya chimatengedwa ndi chipande osati ndi dzanja, ndipo wobwereza amatenga mbale yatsopano. Ku United States bungwe la CDC lakhala likuyendera ukhondo wa sitimazi kuyambira m'ma 1970. Pa nyanja ya Malawi choopsa kwambiri ndi kolera. Mliri wa 2022 mpaka 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unakhudza kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja monga Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Madzi otunga m'nyanja pafupi ndi doko si akumwa asanawiritsidwe kapena kuthiridwa mankhwala, ndipo kusamba m'manja mothirirana n'kotetezeka kuposa kusambira m'beseni limodzi.

Zotsala pa mbale m'nyanja zamchere zimayendera pangano la MARPOL. M'madera ambiri a nyanjazi chakudya chopera bwino chikhoza kutayidwa m'madzi sitima ikakhala pa mtunda woposa mamailosi a panyanja 3 kuchokera kumtunda, chosapera pa mamailosi 12, ndipo pulasitiki saloledwa kutayidwa paliponse. Chimene chabwerera pa mbale sichiperekedwanso kwa wina. Kumudzi nsima yotsala imasanduka mkute wa m'mawa, koma pa sitima ya cruise mbale yachiwiri imene munthu wangoilawa imapita yonse kotaya.

Pa nyanja ya Chilwa

Kwa anthu a kwa Jenala ndi madera ena a boma la Phalombe, nyanja yapafupi ndi Chilwa. Nyanjayi ndi yosazama, ndipo inaphwa mu 1968 ndi 1995, n'kuphwanso mbali yaikulu mu 2018, choncho sitima yaikulu yokhala ndi khitchini singayendepo. Anthu amawoloka pa maboti ndi mabwato, monga a pakati pa Kachulu ndi chilumba cha Chisi m'boma la Zomba, ndipo ulendo wa maola ochepa chotere umangofuna kamba wa m'thumba. Amene amadyera pamadzi masiku ambiri ndi asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba tomangidwa pa udzu woyandama, amene amapita ndi ufa, mchere ndi nkhuni kuchokera kumtunda, ndiwo zake n'kukhala matemba ndi milamba imene agwira tsikulo.