Mabogi a Durban pa sikelo ya 1:87

Mumzinda wa Durban, monganso m'mizinda ina ikuluikulu ya ku South Africa, muli anthu akuluakulu, ena a imvi ndithu, amene amasunga sitima zapamtunda m'nyumba. Amakhoma thebulo lalikulu m'galaja kapena m'chipinda chimene ana anasiya, n'kuyalapo njanji, milatho, timapiri ndi masiteshoni, kenako n'kumayendetsapo tisitima ta magetsi. Ife amene tinakula tikupinda galimoto za mawaya sitingadabwe nacho chilakolako chimenechi. Kusiyana kwake n'kwakuti anthuwa amatsata muyeso wokhwima. Ambiri amagwiritsa ntchito sikelo yotchedwa HO, imene imachepetsa chinthu chilichonse maulendo 87. Bogi yotalika mamita 20 imasanduka ya masentimita 23, ndipo munthu wamkulu amakhala kachidole kosapitirira masentimita awiri.

Masewerawa anabadwira ku Ulaya. Kampani ya Märklin ya ku Germany inaonetsa sitima zazidole za njanji zolumikizika pa chionetsero cha ku Leipzig mu 1891, ndipo Frank Hornby wa ku Liverpool anayamba kugulitsa zake mu 1920. Zinafika ku Natal pamodzi ndi katundu wina wa Angerezi, ndipo kwa zaka zambiri mwana wa mzungu wa ku Berea ankayendetsa pansi pa nyumba ya makolo ake sitima za ku London, osati zimene ankazimva zikulira mumzinda mwake. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, pamene kampani ya Lima ya ku Vicenza, m'dziko la Italy, inayamba kupanga mitu ya sitima ndi mabogi a South African Railways, kuphatikizapo a Blue Train ndi a Trans-Karoo. Kampaniyo inagwa ndipo Hornby inaigula mu 2004, koma mabogi ake akugulitsidwabe m'manja mwa anthu, ena ali m'mabokosi awo akale.

Wogula bogi yotereyi amakumana msanga ndi vuto la njanji. Sitima za Lima zimayenda pa njanji zotalikirana mamilimita 16.5, umene ndi muyeso woimira njanji za ku Ulaya za mamilimita 1,435. Koma njanji za ku South Africa, monganso za ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, n'zotalikirana mamilimita 1,067. Pa sikelo ya 1:87 zimenezi zimafuna njanji ya mamilimita 12. Choncho bogi ya Lima imaima motangadza miyendo kuposa mmene bogi yeniyeni inkaimira. Amene zimawavutitsa maganizo amasintha mawilo n'kuyala njanji ya mamilimita 12, pamene ena amakwera n'kupita pa sikelo ya 1:64, pomwe njanji ya 16.5 imagwirizana bwino ndi ya kuno.

Chodabwitsa n'chakuti njanji yoyamba ya ku Durban inali ya muyeso wa ku Ulaya womwewo. Pa 26 June 1860 kampani ya Natal Railway Company inatsegula njanji ya makilomita pafupifupi atatu kuchokera ku Market Square kukafika ku Point, kudoko. Imeneyi ndiyo inali sitima yoyamba yanthunzi yonyamula anthu ndi katundu m'dziko lonse la South Africa. Mutu wake, wotchedwa Natal, unapangidwa ku Leeds, ndipo lero ukusungidwa pa siteshoni ya Durban. Boma la atsamunda litatenga njanjiyo mu 1877 n'kukhazikitsa Natal Government Railways, linasankha muyeso wopapatiza wa ku Cape chifukwa cha mapiri. Kuchokera kunyanja kukafika kumtunda dziko la Natal limakwera mofulumira, ndipo njanji yopapatiza imakhota mosavuta ndiponso siidya ndalama zambiri poimanga. Njanjiyo inafika ku Pietermaritzburg mu 1880, ku Ladysmith mu 1886, ku Charlestown mu 1891, ndipo mu 1895 inalumikizana ndi ya ku Johannesburg, kumene golide anali atapezeka zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Muyeso womwewu ndi umene unafika ku Blantyre mu 1908 ndi Shire Highlands Railway, n'kudzawoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana mu 1935.

Vuto la njanji likatha, pamabwera ntchito imene eni masewerawa amanyadira kwambiri, yomwe ndi kukometsa bogi kuti ifanane ndi yeniyeni. Bogi yochokera m'bokosi imanyezimira ngati mbale yatsopano ya pulasitiki, mkati mwake muli mbee. Mmisiri amaimasula, n'kuchotsa zogwirira zonenepa za pulasitiki n'kuikapo za waya wamkuwa. Amaika mipando, makatani ndi timagetsi. Denga amalidetsa ndi utoto wonga mwaye, kunsi amapakako dzimbiri ndi fumbi. Koma asanagwire burashi ayenera kuyankha funso limodzi: bogi imeneyi ikuyenda chaka chanji? Mabogi akale a matabwa anali a utoto wofiirira. Achitsulo a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ambiri opangidwa ndi Union Carriage & Wagon ku Nigel, anali ofiira ndi otuwa. Zilembo zinkalembedwa m'zilankhulo ziwiri, SAR m'Chingerezi ndi SAS m'Chiafirikanzi. Munthu akalakwitsa mtundu wa penti kapena nambala ya bogi, anzake samusiya.

Apa m'pamene masewera amakumana ndi mbiri imene siili yamasewera. Bogi ya ku South Africa ya m'zaka zimenezo sinkangokhala ndi nambala ya kalasi pakhomo. Inkanenanso mtundu wa anthu ololedwa kulowamo. Panali timatabwa tolembedwa kuti Whites kapena Blankes, ndi tina tolembedwa kuti Non-Whites kapena Nie-Blankes. Tsankholi linayamba kale chipani cha National Party chisanalowe m'boma mu 1948. Pa 7 June 1893 loya wachinyamata wa ku India, Mohandas Gandhi, amene anakwera sitima ku Durban kupita ku Pretoria ali ndi tikiti ya kalasi yoyamba, anatsitsidwa mokakamiza usiku pa siteshoni ya Pietermaritzburg chifukwa mzungu wina anadandaula. Lamulo la 1953 lotchedwa Reservation of Separate Amenities Act linangolimbitsa mchitidwewo, ndipo linanena poyera kuti malo a mitundu yosiyana sayenera kukhala ofanana ubwino wake. Linathetsedwa mu 1990.

Pa sikelo ya 1:87, chilembo cha masentimita 10 chimakhala cha milimita imodzi ndi pang'ono. Kathabwa ka tsankho n'kakang'ono ngati njere ya mpunga, moti kukasiya palibe angaone msanga. Komatu munthu yemweyo amene wakasiya amakhala atatha mlungu wathunthu akuwerenga misomali ya pabogi ndi kufunafuna mtundu weniweni wa utoto wofiira. Ngati cholinga ndi kuonetsa sitima monga mmene inalili mu 1970, ndiye kuti bogi yopanda kathabwako ikunama kuposa mmene njanji ya mamilimita 16.5 imanamira. Ena amati kukaika n'kutokosa zilonda, kapena kulemekeza zinthu zoipa. Nkhawayo ndi yomveka, makamaka pa chionetsero chimene ana amabwerako. Koma amene anakwera mabogi amenewo akadali moyo, ndipo akaona siteshoni yaing'ono yoyera bwino, ya khomo limodzi lolowera aliyense, amadziwa kuti si siteshoni imene iwo ankaimapo.

Funso lina ndi la mabogi amene amapezeka pamsika. Mayina amene amakopa ogula ndi a sitima zapamwamba, zokhala ndi bogi yodyeramo ndi zipinda zogona. Pa sitima za maulendo ataliatali monga Trans-Natal, ya pakati pa Durban ndi Johannesburg, chipinda cha kalasi yoyamba chinkagona anthu anayi, cha kalasi yachiwiri asanu ndi mmodzi. Koma unyinji wa okwera sitima m'dzikolo unali wa anthu akuda, ndipo ambiri mwa iwo ankakwera kalasi yachitatu. Bogi yakale ya mabenchi ouma imene inkanyamula anthu opita kumigodi, munthu woifuna kawirikawiri amayenera kuisema yekha, kapena kusintha bogi ina. Zotsatira zake n'zakuti pathebulo pamadzaza sitima za anthu ochepa, pamene za anthu ambiri zimasowa.

Ku Durban nkhaniyi ndi yolemera kwambiri chifukwa njanji ndi imene inagwiritsidwa ntchito pogawa mzinda. Boma litaphwasula Umkhumbane, ku Cato Manor, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu anasamutsidwira ku KwaMashu, kenako ena ku Umlazi, kutali ndi kuntchito. Amwenye ambiri anapititsidwa ku Chatsworth. Kuti mafakitale, doko ndi makhitchini a azungu zisasowe antchito, panafunika sitima zowatenga mbandakucha ndi kuwabweza madzulo. Pa 4 October 1965 imodzi mwa sitima zimenezi, yodzaza ndi anthu obwerera ku KwaMashu, inachoka panjanji pa Effingham ndipo anthu oposa 80 anafa. Bogi ya m'tauni ya zitseko zotsetsereka, imene pathebulo imayenda yopanda munthu mkati, m'moyo weniweni inkanyamula anthu othinana mpaka pakhomo.

Nanga amene anamanga njanjiyo ndi kuisamalira? Sitima yapamadzi ya Truro inafika ku Durban pa 16 November 1860 ndi Amwenye oyamba obwera pa kontirakiti, miyezi isanu yokha njanji ya ku Point itatsegulidwa. Ambiri anapita kuminda ya nzimbe, koma Natal Government Railways inadzakhala m'gulu la olemba ntchito Amwenye ochuluka kwambiri, ndipo inkawasunga m'midadada ya Railway Barracks. Amazulu ankakumba, kunyamula zitsulo ndi kupakira malasha. M'mashopu a njanji a pakati pa mzinda, amene lero ndi malo ogulitsira malonda otchedwa The Workshop, ndi mmene munapangidwa mutu wa sitima wotchedwa Havelock mu 1888, woyamba kukonzedwa ndi kupangidwa m'dziko la South Africa. Kampani ya Preiser ya ku Germany imagulitsa tianthu ta pulasitiki ta sikelo ya HO, tina tosapaka utoto. Wogwira burashi ndiye amasankha khungu la aliyense, ndi pamene amuimike: pawindo la bogi yodyeramo, kapena m'mbali mwa njanji atanyamula piki.

Kwa owerenga Chichewa, bogi ya kalasi yachitatu si yachilendo. Ndi imene inanyamula agogo athu. Ena ankapita ku Joni kudzera ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi limene dzina lake latsala pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ena ankapita paokha, mwa selefu, kuyenda wapansi milungu ingapo mpaka kukapeza njanji ku Southern Rhodesia. Ngakhale pamene Wenela inayamba kunyamula anthu pa ndege m'zaka za m'ma 1950, ndegezo zinkatera ku Francistown, ndipo ulendo wotsala unali wa pasitima. Ngozi ya ndege ya pa 4 April 1974 ku Francistown komweko, imene inapha Amalawi oposa 70, ndiyo inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu kwa Wenela. Si onse amene anathera kumigodi. Ena anatsika ndi njanji ya Natal mpaka ku Durban, n'kupeza ntchito m'mahotela, m'nyumba za azungu ndi kudoko. Asilamu achiyao anapeza abale pakati pa anthu otchedwa Amazanzibari, zidzukulu za Amakua amene anapulumutsidwa ku ukapolo n'kufika ku Durban kuyambira mu 1873. Anthuwa ankakhala ku Kings Rest, ku Bluff, mpaka lamulo la Group Areas Act litawasamutsira ku Chatsworth. Ambiri mwa Amalawiwo sanabwererenso kwawo, ndipo kumudzi anangotchedwa matchona.

Lero Amalawi amafika ku Durban pa basi, ndipo mu April 2015, ziwawa zothamangitsa alendo zitabuka mumzindawu, anali mabasi omwewo amene boma la Malawi linatumiza kukatenga anthu ake. Njanji za m'tauni nazo zavutika ndi kubedwa kwa mawaya ndiponso madzi osefukira a mu April 2022. Mabogi akale enieni atsala ochepa. Gulu la anthu odzipereka la Umgeni Steam Railway limasunga ena ndi kuwayendetsa pa njanji yakale yodutsa ku Inchanga. Otsalawo anadulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha.

N'chifukwa chake ntchito ya munthu wa burashi ndi guluu ili ndi phindu loposa kudzisangalatsa. Kuti apange bogi imodzi molondola, amasonkhanitsa mapulani, zithunzi ndi manambala zimene ofesi zambiri zinataya kale. Pakadzatha zaka 30, mwana wa ku Umlazi kapena wa ku Ndirande wofuna kudziwa mmene agogo ake ankayendera akhoza kudzangopeza kabogi ka masentimita 23. Kabogi kameneko kadzamuthandiza pokhapokha ngati wokapanga anaikamo mabenchi ouma, anakhoma kathabwa pakhomo, ndipo anadzazamo anthu ndi masutikesi awo, mabulangete ndi mitolo ya kamba wa paulendo.