Chakudya ndi madzi a wopalasa njinga mtunda wautali ku Mzimba

M'boma la Mzimba njinga yakapalasa ndiyo imasenza katundu wa anthu ambiri. Imanyamula matumba a chimanga kupita kuchigayo, madengu a tomato ndi anyezi kupita pamsika wa Jenda, makala kuchoka m'midzi kudza m'tauni, ngakhalenso odwala kupita kuchipatala cha mishoni cha Embangweni. Anyamata a kabaza, amene ku Mzuzu amatchedwa a Sacramento, amayamba ntchito kusanache ndipo ena amaweruka dzuwa litalowa kale. Mphamvu yonse yoyendetsa njingazi imachokera m'chimene wopalasayo wadya ndi kumwa, ndipo ikamuthera panjira, ndalama ya tsikulo yapita, nthawi zina thanzi lake lomwe.

Malo akewo ndi otopetsa. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, choncho midzi, misika ndi zipatala n'zotalikirana. Tauni ya Mzimba ili pamalo okwera mamita oposa 1,300 kuchokera pamulingo wa nyanja yamchere. Chakum'mawa kuli mapiri a Viphya, kumene msewu wa M1 umakwera zitunda zazitali polowera ku Chikangawa, ndipo ulendo wochoka pa Mzimba kukafika ku Mzuzu ndi wa makilomita oposa 100. Chakumadzulo, kulowera ku Embangweni, ku Edingeni ndi kumalire a Zambia, dziko ndi lachidikha koma misewu yambiri ndi yafumbi ndi mchenga, umene umagwira matayala ngati munthu akukoka njinga kumbuyo. Mu June ndi July kumazizira kwambiri, pamene mu October ndi November dzuwa limawotcha kuyambira m'mamawa.

Derali limaonanso opalasa njinga ngati masewera. Ku Luwawa, kum'mwera kwa Viphya, kwakhala kukuchitika mpikisano wa njinga za m'mapiri, ndipo alendo a ulendo wa Tour d'Afrique, umene unayamba m'chaka cha 2003 kuchoka ku Cairo kukathera ku Cape Town, akhala akudutsa pa M1 pochoka ku Mzuzu kulowera ku Kasungu. Iwowa amatsatiridwa ndi galimoto ya madzi ndi chakudya. Wonyamula makala alibe womutsatira, koma thupi lake limagwira ntchito chimodzimodzi ndi lawo, ndipo zimene akatswiri a zamasewera anapeza zimamukhudza iye kwambiri kuposa alendowo, poti iye amapalasa tsiku ndi tsiku.

Nkhokwe ya m'thupi

Munthu akadya nsima, mbatata, chinangwa, mpunga kapena nthochi, thupi limasandutsa chakudyacho kukhala shuga. Wina amagwira ntchito pomwepo, wina amasungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, ndipo wosungidwayo akatswiri amamutcha glycogen. Nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono: mwa munthu wamkulu imasunga magalamu pafupifupi 400 mpaka 500, amene amatha pa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri ngati munthu akupalasa mwamphamvu. Thupi lili ndi nkhokwe ina ya mafuta, yaikulu kwambiri ngakhale mwa munthu wowonda, koma mafuta amatulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Amathandiza pachidikha, pachitunda, njinga itasenza matumba awiri, minofu imafuna shuga.

Shuga akatha, zizindikiro zake sizisowa. Miyendo imalemera mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta lozizira limatuluka, maso amachita chidima ndipo maganizo amasokonekera. Ambiri amati ndi kutopa chabe n'kukakamira kupalasa. Pamsewu wa M1, pamene malole amadutsa pafupi ndi chigongono, munthu wachizungulire ali pangozi yoposa njala. Mankhwala ake ndi kutsika, kukhala pamthunzi ndi kudya chinthu chotsekemera, monga nthochi yakupsa, nzimbe kapena tiyi wa shuga, n'kudikira mphindi 15 kapena 20.

Ulendo wamawa umakonzedwa madzulo a lero. Nsima yokwanira ya usiku, ya ndiwo zabwino, ndiyo imadzaza nkhokwe ija. M'mawa, ola limodzi kapena awiri asananyamuke, wopalasa amafunika phala, mbatata yophika, chinangwa kapena mkute ndi tiyi. Chizolowezi chonyamuka chopanda kanthu m'mimba, poti adzadya akapeza kasitomala woyamba, n'chimene chimagwetsa anyamata ambiri nthawi isanakwane 10 koloko, chifukwa usiku wonse chiwindi chimakhala chikugwiritsa ntchito shuga amene chinasunga.

Panjira lamulo ndi kudya pang'ono koma pafupipafupi, njala isanayambe kuluma. Akatswiri amalangiza magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa shuga pa ola lililonse ngati ulendo ukupitirira ola limodzi, ndipo ochita mpikisano wa maola ambiri amafika pa magalamu 90. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, kotero nthochi ziwiri pa ola zikukwanira. Mbatata yootcha, chigumu, zitumbuwa, chimanga chophika ndi chidutswa cha buledi zimagwira ntchito yomweyo, ndipo zonsezi zimapezeka pamisika ya m'mbali mwa msewu pamtengo wotsika poyerekeza ndi zakudya za m'mapaketi zimene alendo amabwera nazo. M'nyengo yake, mango ndi masuku ndi thandizo laulere.

Mandasi ndi tchipisi zimakhutitsa, koma mafuta ake amachedwa kugayika. Chimodzimodzinso mitanda isanu ya nsima masana, ulendo usanathe: magazi ambiri amapita kumatumbo kukagaya chakudya pamene miyendo ikuwafunanso, ndipo zotsatira zake ndi tulo, kutupidwa ndi kupweteka m'nthiti. Mitanda iwiri ndi kupuma kwa theka la ola n'zabwino kuposa kukhuta n'kudumphira pachishalo. Mtedza wokazinga ndi kamba wabwino wa ulendo wa tsiku lonse chifukwa ndi wopepuka ndipo suwonongeka msanga, bola ukhale wopanda chuku, chimene chimawononga chiwindi.

Madzi ndi mchere

Thupi limadziziziritsa ndi thukuta. Wopalasa amataya pakati pa theka la lita ndi malita awiri pa ola, malingana ndi dzuwa, katundu ndi thupi lake. Mphepo yomuwomba imaumitsa thukutalo msanga, choncho sadziwa kuchuluka kwa madzi amene ataya. Vutoli limakula m'nyengo yachisanu ku Viphya, kumene ludzu silimveka kwenikweni koma madzi akutuluka ndithu, ena kudzera mu mpweya umene akupuma mwabefu pachitunda.

Kafukufuku anaonetsa kuti munthu akataya madzi olemera magawo awiri pa 100 alionse a thupi lake, mphamvu zimayamba kuchepa. Kwa mnyamata wa makilogalamu 60, amenewa ndi madzi opitirira pang'ono lita imodzi, amene mu October akhoza kutha pa ola limodzi lokha. Magazi amachepa, mtima umagunda mofulumira kuti ukwanitse ntchito yomwe ija, ndipo thupi limalephera kutaya kutentha. Wofuna kudziwa mmene amatayira madzi akhoza kudziyeza pasikelo ya ogula mbewu asananyamuke ndiponso akafika: kilogalamu imodzi imene yachoka ndi lita imodzi ya madzi. Njira yosavuta ndi kuona mkodzo. Ukakhala wotuwa ndi wochuluka, zinthu zili bwino. Ukakhala wochepa ndi wofiirira ngati tiyi, thupi lauma.

Kwa anthu ambiri, kumwa pakati pa mamililita 400 ndi 800 pa ola, pang'onopang'ono, kumakwanira. Botolo la theka la lita limene ambiri amapachika pahandulo ndi la ola limodzi basi, ndipo wopita kutali amafunika chigubu cha malita awiri ndi kudziwiratu pamene pali mijigo panjira yake.

Thukuta limatuluka ndi mchere, n'chifukwa chake malaya a wopalasa amachita mizere yoyera kumsana. Munthu amene wapalasa maola ambiri akumwa madzi okhaokha ochuluka, osadya kanthu, mchere wa m'magazi ake ukhoza kusungunuka mpaka kumudwalitsa: mutu umawawa, amachita mseru, manja amatupa, amasokonezeka, ndipo vuto likakula amakomoka. Choopsa chake n'chakuti zizindikirozi zimafanana ndi za kuuma kwa thupi, ndiye anzake amamumwetsanso madzi ena. Matendawa sachitikachitika, koma apha anthu pamipikisano ya mtunda wautali m'maiko ena. Wodya chakudya chamchere panjira, kaya ndi mtedza, usipa kapena ndiwo za masana, amakhala wotetezeka.

Chakumwa chobwezera madzi, shuga ndi mchere nthawi imodzi chimapangika pakhomo. Mu lita imodzi ya madzi aukhondo amathiramo masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, osasefukira. Uwu ndi muyezo womwe azaumoyo amaphunzitsa pothandiza wotsekula m'mimba, ndipo paketi ya Thanzi ORS imagwira ntchito yomweyo. Kuwonjezera mchere poganiza kuti chakumwacho chikhala champhamvu n'kulakwitsa. Chisamawawe mchere kuposa misozi. Ndipo makolo anali nacho kale chakumwa cha paulendo. Thobwa, amene kuno amamutcha chindongwa, ali ndi madzi ndi ufa wa chimanga ndi mawere, ndipo amalowa bwino m'mimba ngakhale munthu atatopa. Akhale wa tsiku lomwelo kapena wadzulo, asanayambe kusasa n'kusanduka mowa.

Gwero la madziwo nalonso ndi nkhani. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo woyenda mtunda wautali ndiye amakakamizika kumwa paliponse. Madzi a m'dambo, a pachitsime chosatetezedwa ndi a m'majumbo osadziwika kumene atungidwa akhoza kumugoneka sabata yathunthu. Kuwiritsa madzi usiku kapena kuthiramo WaterGuard n'kotsika mtengo kuposa tsiku limodzi losagwira ntchito.

Pali zinthu zitatu zimene opalasa ena amazidalira koma zimawapweteka. Kachasu ndi mowa wina waukali zimabisa kutopa, zimachulukitsa mkodzo, zimalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga ndipo zimachedwetsa maso ndi manja pamsewu. Zakumwa za m'mabotolo zimene amati n'zopatsa mphamvu zili ndi shuga ndi caffeine. Botolo limodzi likhoza kudzutsa munthu, koma angapo patsiku amathamangitsa mtima ndi kulanda tulo, pomwe ndalama yake ikanagula nthochi za ulendo wonse. Chachitatu ndi mapiritsi opha ululu monga Brufen ndi Indocid, amene ena amamwa m'mawa uliwonse ngati chakudya. Akamwedwa thupi litauma amavulaza impso, ndipo akamwedwa m'mimba mopanda kanthu amayambitsa zilonda.

Akafika

Maola awiri oyamba munthu atatsika panjinga ndi pamene minofu imalandira shuga mofulumira, choncho chakudya chisachedwe. Apa nsima ikhoza kukhala yambiri. Chofunika ndi ndiwo zomanga thupi, pakuti minofu imene yagwira ntchito tsiku lonse imakonzedwa ndi nyemba, nandolo, soya, mazira, usipa, nyama kapena mkaka. Kum'mwera kwa Mzimba kumalimidwa nyemba ndi mtedza wambiri, ndipo kumene Angoni akuwetabe ng'ombe, chambiko chimapezeka. Ufa wa mgaiwa uli ndi michere imene ufa woyera umataya pokonola ndi ponyika, ndipo masamba otendera, mapeyala ndi mbatata yofiira mkati zimakwaniritsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umalimbikitsa. Madzi obwezera akhale ochulukirapo kuposa amene anatayika, pafupifupi lita imodzi ndi theka pa kilogalamu iliyonse imene yachoka, omwedwa pang'onopang'ono mpaka usiku.

Malangizo onsewa ndi osavuta kutsatira mu May, nkhokwe zili zodzaza. Mu January ndi February chimanga chimakwera mtengo, misewu imachita matope, ndipo bambo amene akupalasa kuti apeze ufa wa banja ndi yemwe amadzimana kuti ana adye. Thupi losowa chakudya limayamba kudya minofu yake, ndipo munthu amaonda, amadwaladwala ndi kulephera maulendo amene ankawatha kale. Ndalama ikachepa, yoyenera kuteteza ndi ya phala la m'mawa ndi ya kamba wa panjira, chifukwa ndiyo imabala ndalama ya madzulo.

Sikuti kufooka konse kumachokera ku njala. Munthu amene akudya bwino koma akuchita befu pachitunda chimene ankachikwera mosavuta, zikhatho ndi m'maso mwatuwa, akhoza kukhala ndi vuto lochepa magazi, limene kawirikawiri limadza ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo. Ameneyu akayezetse. Wodwala matenda a shuga kapena othamanga magazi akambirane ndi achipatala asanayambe kumwa madzi a shuga ndi mchere aja.

Ngozi yofulumira kwambiri ndi kutenthedwa ndi dzuwa. M'chilimwe ndi bwino kuthana ndi mtunda waukulu nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa ndi kupuma dzuwa likakhala paliwombo. Wopalasa akayamba kulankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, thupi lili moto, omwe ali pafupi amugoneke pamthunzi, amumasule malaya, amuthire madzi ozizira thupi lonse ndi kumukupiza. Ngati sakutha kumeza asamumwetse kanthu, ndipo athamangire naye kuchipatala chapafupi akumuthirabe madziwo panjira.